Nkhululu ya Elube ndi Lamulo la Mitu

Lolemba pa 3 Malichi, m'chaka cha 19 cha ulamuliro wa Mfumu Sindiwerama Wachitatu, Kampani ya Gudumu inaleka kupanga galimoto yotchedwa Nkhululu. Yomaliza inatuluka pachipata cha fakitale nthawi ili 10:40 m'mawa. Inali yobiriwira. Palibe anaijambula.

Nkhululu inali galimoto yaing'ono, yaifupi, ya zitseko zinayi ndi chachisanu kumbuyo chotsekukira m'mwamba. Kampani ya Gudumu, yomwe ndi ya Mfumu ndipo ndi yokhayo yololedwa kupanga ndi kugulitsa magalimoto mu Ufumu wa Tawerama, inakhala ikuipanga kwa zaka 31. M'malo mwake kampaniyo inalengeza galimoto yatsopano yotchedwa Kanyati: kokwera m'mwamba, ka matayala onenepa, kovekedwa mapulasitiki akuda m'mbali monse. Mtengo wake unali wa Nkhululu ziwiri.

Elube Kachigamba anamva nkhaniyi pa wailesi ya m'Nkhululu yake yofiira, ataima pa Msika wa Zakwera mumzinda wa Gwadani. Ntchito yake inali kunyamula katundu wa amayi a pamsika: madengu a tomato, mabelo a kaunjika, nkhuku zomanga miyendo. Tsikulo ankadikira kuti a Nagama, ogulitsa tomato, amalize kulonga madengu kumbuyo. Pa wailesi ankalankhula anali Nduna ya Misewu, Olemekezeka a Mdyeratu.

"Anthu a Tawerama," anatero a Mdyeratu, "mwakhala mukudandaula kuti misewu yathu ili ndi maenje. Boma la Mfumu lili ndi makutu. Tinakhala pansi, tinapeza njira ziwiri. Yoyamba, kukwirira maenje. Yachiwiri, kukweza galimoto kuti italikirane ndi maenjewo. Misewu yathu ndi yotalika makilomita 900. Galimoto ndi yotalika mamita anayi. Ndiye ndikufunseni inu eni ake: chapafupi kukonza n'chiti?"

Kunamveka kuwomba m'manja kwa mphindi ziwiri, kenako nyimbo yotamanda Mfumu.

"Nanga ife oyenda wapansi, atitalikitsa miyendo mwezi uti?" anafunsa a Nagama.

"Dikirani chaka chamawa, achemwali. Chitukuko chimayambira kwa okhala ndi matayala," anayankha Elube. Anaseka nawo, koma maganizo ake anali pa amuna ake.

Amuna ake, a Yelemiya Kachigamba, anagwira ntchito pa Kampani ya Gudumu zaka 22, akumanga masipuling'i ndi mipando. Chaka chapitacho anachita sitiroko, mbali ya kumanzere inafooka, ndipo ankayenda pa wilitcheya. Lachinayi lililonse Elube ankapita nawo ku mafizo ku Chipatala cha Bweranimawa, makilomita 11 kuchokera kunyumba. Dokotala wa mafizo anali atanena mosapita m'mbali: mwendo wofookawo ungathe kudzuka, koma akadzajomba masabata asanu ndi limodzi otsatizana, udzauma ndipo sudzapindikanso.

Mpando wa Nkhululu ndi wa wilitcheya inali pa msinkhu umodzi. Elube ankangogoneka thabwa losalala pakati, a Yelemiya n'kudzikhwekhwereza okha ndi dzanja lamphamvu lija, iye n'kupinda wilitcheya, n'kuilowetsa pa chitseko chakumbuyo. Zonse zinkatha mphindi zitatu. A Yelemiya ankalemera makilogalamu 84. Elube ankalemera 55, ndipo msana wake unali utanyamula kale madengu okwanira moyo wonse.

Pa 17 Malichi Nyumba ya Avomerezi inakumana. Nyumbayi ili ndi nduna makumi anayi, ndipo chiyambire inakanapo chinthu chimodzi chokha, chomwe chinali maganizo ochepetsa mabisiketi a pa tiyi. A Mdyeratu anabweretsa lipoti la masamba 60. Lipotilo linati maenje paokha alibe mlandu, chifukwa amangokhala pamalo pawo osaputa munthu. Wolakwa ndi galimoto imene imawagwera. Linatinso Nkhululu ikatitimira m'dzenje, alendo amaima n'kujambula, ndipo dziko limanyozeka kunja. Avomerezi anavomereza. Kuyambira pa 1 Julayi, Nkhululu iliyonse yopezeka pamsewu idzalandidwa n'kuphwanyidwa.

Loweruka lotsatira, Elube anapita ndi amuna ake kukaona Kanyati kumalo ogulitsira. Wogulitsa anali bambo wa suti yothina, wonunkhira mafuta ngati akupita ku ukwati. Iye akuyamba kulongosola za magetsi a kutsogolo, a Yelemiya anali atayendetsa kale wilitcheya kufika pa tayala, akusuzumira kunsi.

"Mayi a Tiyese, taweramani muone apa," anaitana akazi awo ndi dzina la mwana wawo woyamba. "Kachitsulo kokhotako mukukaona? Ndakamanga ine zaka 22. Iyi ndi Nkhululu. Angoinyamulitsa zidendene n'kuiveka jombo."

"Madala, musatero," anatero wogulitsa uja. "Iyi ndi galimoto ya anthu okonda mapiri."

"Mu Tawerama muli phiri?"

"Likadzabwera, lidzakupezani muli okonzeka."

Elube anatulutsa thabwa lake n'kuligoneka pakati pa wilitcheya ndi mpando wa Kanyati. Mpandowo unali pamwamba ndi masentimita 12. Thabwa linapendekeka. A Yelemiya anadzikoka, anafika pakati, anatsetsereka kubwerera. Anayesanso. Ulendo wachitatu thukuta linali litanyowetsa malaya.

"Palibe chovuta," anatero wogulitsa. "Akungofunika anthu awiri owakweza basi."

"Anthu awiriwo akubwera ndi galimotoyi, kapena n'ngogula padera?" anafunsa Elube.

Pa 1 Epulo anapita ku ofesi ya Nduna ndi kalata yopempha kuti Nkhululu yake ipatsidwe chilolezo chapadera. Ofesiyo ili m'nyumba yosanja, pansanja yachitatu. Mlembi wa pakhomo anati wodwalayo akuyenera kubwera yekha kudzasayina pamaso pa Nduna. Elube anafunsa ngati chikepe chimagwira ntchito. Mlembiyo anati chinafa m'chaka chachisanu ndi chimodzi cha ulamuliro, koma maliro ake sanalengezedwe. Elube anangosiya kalatayo patebulo n'kutsika masitepe 54.

Yankho linafika pa 22 Epulo. Linali la mizere iwiri, lodindidwa bwino: "Dziko likukwera. Wodwala alimbikitsidwe kukwera nalo limodzi."

"Sungani imeneyo," anatero a Yelemiya atawawerengera. "Pepala la boma limayatsa mbaula msanga."

Apa mpofunika kufotokoza Lamulo la Mitu, popeza a Mdyeratu analiiwala. Lamuloli ndi lakale kuposa misewu yomwe. Limati Mfumu ikamadutsa, mutu wa munthu aliyense usapose mutu wa Mfumu. Oyenda pansi amagwada. A m'basi ndi a palole amatsika n'kugwada m'ngalande. A panjinga amagona pansi pamodzi ndi njinga zawo. Mfumu Sindiwerama imayendera galimoto yakuda, yaitali, yogwa pansi, imene inasiyidwa ndi agogo ake, ndipo ikakhala mmenemo nsonga ya chipewa chake imafika mita imodzi ndi masentimita 24 kuchokera pansi. Munthu wokhala m'Nkhululu, ngakhale wamtali, safika pamenepo. N'chifukwa chake eni Nkhululu ankangoimika pambali, kuvula chisoti, n'kukhala phee.

Nduna zimayenda pambuyo pa Mfumu kulikonse kumene ikupita, ndipo munthu sangagwade galimoto ikuthamanga. Choncho kwa zaka 31 boma linkasunga Nkhululu zoyera makumi anayi za ndunazo. Pa 28 Epulo a Mdyeratu analamula kuti zonsezo ziphwanyidwe pabwalo la zamasewero, kuti anthu atengerepo chitsanzo. Anajambulitsa ataponda chitseko chimodzi, akumwetulira.

Lachisanu pa 2 Meyi linali Tsiku la Kukwera. Ana asukulu anaima m'mbali mwa Msewu wa Chitukuko kuyambira 7 koloko. Mdipiti unanyamuka kunyumba yachifumu 11 koloko: galimoto yakuda patsogolo, ma Kanyati makumi anayi pambuyo, nduna iliyonse itatulutsa chigongono pawindo. Elube anali ataimika Nkhululu yake pafupi ndi msika, atakhala momwemo monga lamulo limalolera. A Nagama anali atagwada pambali pake, atayala chitenje pansi kuopa mabondo.

Kutsogolo kwa msika kuli dzenje lalikulu limene anthu amalitcha Dziwe la Nduna, ndipo abakha a m'deralo amalidziwa bwino. Galimoto ya Mfumu inachepetsa liwiro kuti ilizungulire. Pamenepo m'pamene panaima a Kamlingo, Woyeza Mitu wa Ufumu, nkhalamba ya zaka 74, ndi ndodo yawo ya mlombwa yokhala ndi mphete ya mkuwa pa msinkhu wa chipewa cha Mfumu. A Kamlingo anali asanalandirepo chiphuphu m'moyo wawo, chifukwa panalibe amene anaganizapo kuti ntchito yawo ingadzavutitse munthu. Anayang'ana ma Kanyati aja, anayang'ana ndodo, anakweza dzanja. Mdipiti wonse unaima.

Anayambira pa galimoto ya a Mdyeratu.

"Olemekezeka, khalani mmene munakhaliramo."

A Mdyeratu anayamba kumira mumpando pang'onopang'ono.

"Ndati mmene munakhaliramo, bwana. Khosi lija mwalisiya kuti?"

Mutu wa a Mdyeratu unapyola mphete ndi masentimita asanu ndi anayi. A Kamlingo anayenda galimoto ndi galimoto, osafulumira. Ngakhale Nduna ya Zamasewero, yaifupi kuposa onse, inapyola ndi awiri.

Windo la galimoto yakuda linatsika pang'ono.

"Kamlingo, chavuta n'chiyani?" inafunsa Mfumu.

"Mfumu yanga, anthu makumi anayi akukuonani pamwamba pa chipewa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pachipata chanu. Makilomita atatu."

Windo linakwera.

Lamulo la Mitu lili ndi zilango ziwiri. Wolakwa koyamba amametedwa mpala pamsika. Wolakwa kachiwiri amachotsedwa paudindo. Ometa a pa Msika wa Zakwera anagwira ntchito mpaka 4 koloko masana, malezala anatha m'magolosale onse, ndipo amayi ogulitsa mandasi anaphika kawiri. Nduna zinakhala pamabenchi mwa dongosolo la maudindo.

"Taonani mutu wa a Mdyeratu," ananong'ona a Nagama. "Nawonso uli ndi maenje, ukufunika lipoti la masamba 60."

Sabata yotsatira, Nyumba ya Avomerezi inakumana masiku anayi, aliyense atavala chisoti. Nkhani inali yoti chilango chachiwiri chipewedwe bwanji. Poyamba anayesa kuphwetsa matayala. Ma Kanyati anatsika ndi masentimita asanu okha, ndipo asanu ndi awiri anang'ambika matayala pa Dziwe la Nduna. Kenako nduna zinayesa kugona chagada kumpando wa kumbuyo, koma a Kamlingo anakumbutsa kuti madalaivala nawonso ali ndi mitu. Madalaivala anayesa kuyendetsa atamira, akuona msewu kudzera m'chiwongolero, ndipo Nduna ya Zamaphunziro inakalowa m'khola la nkhumba pamodzi ndi mbendera yake.

Njira yapafupi inalipo, ndipo aliyense ankaidziwa: kukweza galimoto ya Mfumu. Koma kuti munthu anene zimenezo, ankayenera kuyamba wanena kuti Mfumu ili pansi. Nduna ya Zaulimi inafika pakati pa chiganizocho. Mawa lake inasankhidwa kukhala kazembe kudziko limene mpaka lero silinapezeke pa mapu.

Lachiwiri pa 13 Meyi Mfumu inali ndi ulendo wokatsegula mjigo, ndipo nduna zonse zinayenera kuitsatira. M'mawa wa tsikulo amithenga a boma anamwazikana mumzinda kufunafuna Nkhululu zahayala. Elube atangotsitsa madengu a Nagama, anaona bambo wa chisoti chachikulu ndi magalasi akuda akutsegula yekha chitseko n'kukhala kumbuyo. Atangolankhula, anamuzindikira ndi mawu: anali a Mdyeratu.

"Mayi, kunyumba yachifumu. Mukalowe pamzere, pambuyo pa galimoto yakuda."

"Chabwino, bwana. Mungondigwirirako thireyi ya mazirayo pamiyendo. Tikulowa m'makilomita anu 900 aja."

A Mdyeratu anagwira mazira. Nkhululu inayamba kuzemba maenje, kumanzere, kumanja, mmene Elube anazolowerera, moti ngakhale dzira limodzi silinagundane ndi linzake.

"Bwana, ndinakulemberani kalata mwezi watha."

"Ndimalandira makalata ambiri, mayi."

"Yanga munayankha. Munati amuna anga akwere pamodzi ndi dziko."

"Ndiye akwera?"

"Ayi, bwana. Anaona zimene zinakuchitikirani inu mutakwera."

A Mdyeratu anakoka chisoti kuti chiphimbe makutu. Elube anawafotokozera zonse: sitiroko, thabwa, Lachinayi, masabata asanu ndi limodzi a dokotala. Nduna inkagwedeza mutu, koma maso ake anali pa mipando yosang'ambika ndi pa zitseko zosagwedera.

"Galimotoyi ili ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zinayi."

"Koma silira paliponse. Mumaisamala bwanji?"

"Lamlungu lililonse amuna anga amaimvetsera ikulira. Pomwe anena, ine ndimamanga."

A Mdyeratu anatulutsa cholembera n'kulemba nambala ya galimotoyo padzanja. Potsika, anabweza mazira ndi manja awiri.

"Mayi, ndikukulonjezani pamaso pa mazira awa. Nkhululu yanu siphwanyidwa."

Elube anafika kunyumba akuimba. A Yelemiya anamvetsera nkhani yonse, kenako anafunsa funso limodzi: "Nambala analembera chiyani?"

A Mdyeratu anasunga lonjezo lawo, chinthu chimene sichinalembedwepo m'mbiri ya unduna wawo. Pa 26 Meyi Nyumba ya Avomerezi inathetsa lamulo lophwanya Nkhululu. Inalengeza kuti Nkhululu ndi Chuma cha Makolo, ndipo chuma cha makolo sichingasiyidwe m'manja mwa anthu wamba onyamula tomato. Nkhululu makumi anayi zosamalidwa bwino koposa zinayenera kuperekedwa kunyumba yachifumu, ndipo mwini wa iliyonse adzalandira Kanyati kamodzi mwa ta nduna tija, kwaulere, monga chizindikiro cha chikondi cha Mfumu. Mndandanda unatuluka m'nyuzipepala. Nkhululu ya Elube inali yoyamba.

Apolisi anabwera Lachisanu pa 6 Juni ndi Kanyati kakuda, kamene kanali kakununkhabe mafuta a a Mdyeratu. Anali aulemu kwambiri. Analola Elube kuchotsa thabwa, jeke ndi korona wopachika pagalasi. Mkulu wawo anamuuza kuti ali ndi mwayi, chifukwa anthu ena akulira kuti Nkhululu zawo sizinasankhidwe.

"Tchulani mmodzi, bwana, ndikamupepese," anatero Elube.

Lachinayi pa 12 Juni aneba awiri anakweza a Yelemiya m'Kanyati ngati thumba la chimanga, ndipo mutu wawo unagunda pamwamba pa chitseko. Kuchipatala kunalibe owatsitsa. Onyamula odwala onse anali ku msonkhano wophunzira ubwino wa kukwera. Elube anapempha mlonda, mlonda anati msana wake si wa boma. A Yelemiya anakhala m'galimoto mpaka nthawi ya mafizo inatha.

"Koma pamwamba pano pakuoneka bwino," anatero pobwerera. "Anzanga onse ndawaona akulowa, ndawaonanso akutuluka."

Atayendetsa makilomita awiri, Elube anafunsa: "Bambo a Tiyese, munati iyi ndi Nkhululu yonyamula zidendene. Munkaseka, kapena munkanena zoona?"

"Pa nkhani ya masipuling'i ine sindiseka."

"Ndiye zidendenezo zingatsike?"

A Yelemiya anatembenuka n'kuyang'ana akazi awo. "Itanani a Maulidi," anatero.

A Maulidi anali makaniko wa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Loweruka pa 14 Juni anafika ndi masipanala m'thumba la feteleza, ndi masipuling'i anayi a Nkhululu zoyera zija, amene anagula kwa alonda a pabwalo la zamasewero. A Yelemiya anakhala pa wilitcheya pamthunzi, akulamula ngati ali m'fakitale.

"Osati iyo, Maulidi, ya kumbuyo kwakeyo. Masula pang'onopang'ono, imeneyo imaluma zala. Pansi pa mpando upezapo timatabwa tachitsulo tiwiri. Taya."

"Madala, mwadziwa bwanji?"

"Mabowo akale akuonekawo ndinaboola ndine. Iwo anangosanjikapo."

Pochotsa pulasitiki yakuda ya kumbuyo, a Maulidi anaima n'kuyamba kuseka mpaka anakhala pansi. Pachitsulo cha mkati panali podindidwa ndi makina a fakitale, zilembo zikuluzikulu: NKHULULU. Pofika 3 koloko masana galimoto inali itatsika masentimita 12. Elube anagoneka thabwa. Linagona chathyathyathya. A Yelemiya anadzikhwekhwereza n'kukhala pampando, osathandizidwa ndi munthu.

Pa 19 Juni anapita ku mafizo. Pa 26 Juni anapitanso, ndipo tsikulo a Yelemiya anaima pakati pa zitsulo zogwirira, dokotala akuwerenga mpaka kufika pa khumi ndi zinayi. Elube anatuluka panja kukapukuta m'maso, n'kubwerera akunena kuti kunja kuli fumbi.

Lachinayi pa 3 Julayi anapeza rodibuloko pa mlatho. Wapolisi anatenga mapepala, anawerenga, anazungulira galimoto kawiri, anawerenganso.

"Mayi, mapepala akuti Kanyati. Maso anga akuti Nkhululu."

"Khulupirirani mapepala, bwana. Ndi a boma."

"Ngati ndi Kanyati, mwakatsitsa, ndipo kutsitsa chinthu pamene dziko likukwera ndi mlandu. Ngati ndi Nkhululu, ndi Chuma cha Makolo, ndipo n'njosamalidwa bwino, iyenera kupita kunyumba yachifumu. Musankhe nokha."

"Bwana, tili ndi mafizo 10 koloko. Tisankha pobwerera."

"Galimoto yopanda dzina singayende pamsewu wa Mfumu, mayi. Ikachita ngozi tidzalemba kuti chiyani?"

Anatsitsa a Yelemiya pa mlatho pomwepo. Galimoto inapita ku Bwalo Lalikulu la Milandu ngati umboni. Elube anakankha wilitcheya kubwerera kunyumba, makilomita anayi.

Lachinayi lotsatira anaganiza zongowakankha ulendo wonse, popeza minibasi sizinyamula wilitcheya ndipo pa kabaza munthu amafunika manja awiri. Ananyamuka dzuwa litangotuluka. Pa kilomita yachisanu ndi chiwiri tayala laling'ono la kutsogolo linagwera m'dzenje n'kuthyoka. Anafika kuchipatala 1 koloko masana pa ngolo ya munthu wachifundo wonyamula njerwa. Chitseko cha mafizo chinali chotseka. A Yelemiya anagona masiku atatu chifukwa cha kugwedezeka kwa ngoloyo.

Mlandu unalowa m'bwalo Lolemba pa 14 Julayi, pamaso pa Woweruza Wamkulu, a Tionabe. A Kamlingo anaitanidwa ndi ndodo yawo. Anakhazika mlembi wa bwalo m'galimotomo, anayeza, ndipo anati mutu uli pansi pa mphete ndi masentimita anayi.

"Ndiye ndi Nkhululu?" anafunsa a Tionabe.

"Ine ndimayeza mitu, bwana. Mayina si mbali yanga."

Anaitanidwanso injiniya wamkulu wa Kampani ya Gudumu. Anamuonetsa zilembo za pachitsulo zija. Injiniyayo anati popanda magalasi sawerenga, ndipo magalasi anawaiwala kunyumba. Atafunsidwa ngati Kanyati ndi Nkhululu ndi galimoto imodzi, anapempha madzi akumwa, kenako anapempha kupita kukataya madzi, ndipo bwalo likumudikirabe.

Elube anaimirira asanapatsidwe mpata.

"Bwana woweruza, itchuleni dzina lililonse limene mukufuna. Itchuleni bakha. Ine ndingoipempha Lachinayi lokha, kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko. Masiku enawo isungeni."

"Mayi, bwalo lamva, ndipo lakhudzidwa," anatero a Tionabe. "Koma umboni sungachoke m'manja mwa bwalo. Nkhaniyi ndi yaikulu, ikukhudza maziko a Ufumu. Ndiyenera kuufufuza umboniwu ndekha, mwachifatse."

Anaimitsa mlanduwo mpaka pa 29 Sepitembala.

Pa mndandanda wa akuluakulu otsatira Mfumu paulendo, Woweruza Wamkulu ndi wa nambala 41. Nkhululu zimene boma linatolera zinali makumi anayi. Kuyambira mwezi wa Meyi a Tionabe ankatsatira mdipiti atagona m'ambulansi, ndipo anthu anali atayamba kufunsa za thanzi lawo. Kuyambira pa 15 Julayi akhala akuoneka m'mawa uliwonse pachipata cha nyumba yachifumu atakhala tsonga, ali ndi thanzi labwino, m'galimoto yakuda yaifupi yopanda mapulasitiki m'mbali.

Elube amaiona ikudutsa pamsika, komwe tsopano amathandiza a Nagama kusanja tomato. Sabata yatha inaima pa Dziwe la Nduna kudikira abakha, ndipo iye anapita pawindo n'kuuza dalaivala kuti mabuleki a kumbuyo ayamba kulira, awamange asanadye chitsulo. Dalaivala anathokoza. Woweruza anali akuwerenga nyuzipepala.

Lero ndi Lolemba pa 4 Ogasiti. A Yelemiya Kachigamba ajomba mafizo Lachinayi kasanu motsatizana, ndipo Lachinayi lachisanu ndi chimodzi ndi pa 7. Malinga ndi mlembi wa bwalo, umboni wayenda makilomita 1,140 chiufufuzireni, ndipo bwalo silinapezebe dzina lake.